Ndinamufunditsa mwana bulangeti dzuwa lili paliwombo

Chaka chachiwiri cha korona, mwezi wa Okutobala, ndinatsala pang'ono kupha mwana wanga ndi bulangeti. Bambo ake safuna kuti ndizinena choncho, amati mawu amenewa ndi olemera, koma ine ndinalipo, iwo anali ku mgodi.

Tinkakhala ku Girrawheen, dera lina la mzinda wa Perth ku Australia, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Bambo a mwana amagwira ntchito ya zamagetsi ku mgodi wina kumpoto, amapita pandege, masabata awiri kumeneko, sabata imodzi kunyumba. Masabata awiriwo ndinkatsala ndekha ndi mwana, wamkazi, woyamba, asanakwanitse zaka ziwiri. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7 kwathu ku Dowa. Chingerezi ndimachimva munthu akamayankhula mofatsa, koma anthu a kuno amameza mawu theka, ndiye ndinkangogwedeza mutu n'kuthawa. Tsiku lonse ntchito yanga inali kuyang'ana. Kuyang'ana mwana ngati akupuma, kuyang'ana pawindo, kuyang'ana foni.

Pafoni panali maliro okhaokha a kwathu. Kuno ku Perth matendawo kunalibe, malire anali otseka, anthu ankapita kumpira ngati dziko lili bwinobwino. Koma munthu mmodzi akangopezeka nawo, mayo ine, mzinda wonse ankautseka, ndipo pa TV ankatchula sitolo iliyonse imene munthuyo analowa, basi imene anakwera, ngakhale ola limene anagula buledi. Ine ndinkaonera, n'kumaganiza kuti tsiku lina adzati mayi wina wa ku Africa, wa ku Girrawheen, anthu onse a mumsewu wathu n'kutembenukira pakhomo panga. Ndinamvanso pagulu lathu la amayi pafoni kuti mwana akapezeka nawo amamutenga yekha, mayi n'kutsala kunja kwa galasi. Kaya zinali zoona, sindinafunse aliyense. Ndinangozisunga mumtima.

Pakhomo loyandikana nafe pankakhala mayi wina wa ku Zambia, wamkulu kwa ine, ankaphunzira za miyala ku yunivesite. Ana ake awiri anawasiya ku Lusaka ndipo sakanatha kukawaona, ndiye mwana wanga anasanduka wawo. Ndinkawatchula asisi. Tsiku lina analowa osaodira, foni ili m'mwamba.

"Amake mwana, muzafuntha, muzapenga m'nyumba muno. Pa Sata tiyenda."

"Kuti, asisi?"

"Ku masewera ya bazungu bakudala. Onani."

Anandionetsa zithunzi. Amuna akuluakulu a ndevu zawo, atavala zitsulo thupi lonse, ali pa akavalo. Azimayi m'madiresi okwekwereza pansi. Asisi anafotokoza kuti kamodzi pachaka anthu amasonkhana pabwalo lina kunja kwa tauni, chakumapiri, n'kuvala mmene ankavalira makolo awo ku Ulaya kalekale, kusanabwere magetsi ndi galimoto, n'kumadya, kuvina, kumenyana mwamasewera.

"Ndiye ife zikutikhudza pati? Makolo athu sanavalepo zimenezo."

"Imwe naimwe! Ni vovala chabe, aliyense avala. Ine nizankhala mfumukazi, imwe muzankhala wanchito wanga."

"Wantchito ndine kale, wa bwana uyu," ndinatero ndikuloza mwana, amene nthawi imeneyo anali akutafuna nsapato ya bambo ake.

Ndinavomera chifukwa cha kusoka. Kusoka ndi chinthu chimodzi chimene sindiopa. Asisi anagula diresi lawo losokedwa kale, lopepuka ngati pepala, ndi kachisoti kachifumu kapulasitiki. Ine ndinati ayi, ndisoka ndekha. Kusitolo ya kaunjika ndinapeza makatani awiri obiriwira, olemera, ofewa ngati ubweya wa mphaka, ndi bulangeti lotuwa la ubweya wa nkhosa weniweni, loyabwa, lija lakale. Makatani ndinasoka diresi langa la manja aatali lofika m'mapazi, ndi chofunda chachikulu chapamapewa chomanga pakhosi. Bulangeti ndinadula kamkanjo ka mwana, kokhala ndi chipewa chake cholumikiza, monga ndinaonera pachithunzi. Ndinasoka pamanja, masana mwana akagona, masiku asanu. Chimene sindinaike ndi thumba. Anthu a pazithunzi aja analibe matumba, ndiye nanenso ndinati ndisalakwitse.

Bulangeti sindinalisankhe chifukwa cha chithunzi chokha. Ndili ndi zaka khumi, mlongo wanga wamng'ono anamwalira ndi chibayo ali wakhanda, mwezi wa Juni. Amayi mpaka lero amati inamulowa mphepo tsiku limene anapita naye kuchigayo m'mawa osamuveka chipewa. Kwathu mwana sazizidwa mayi ali moyo. Juzi, chipewa, masokosi, shawelo pamwamba, ngakhale dzuwa liwale. Ndipo mwana akatentha thupi umamufunditsa kuti atuluke thukuta, matenda atulukire momwemo. Izi ndinaziona ndi maso kuyambira ndili kamtsikana. Anamwino a kusikelo ya kuno anandipatsa timapepala tambirimbiri ta Chingerezi, ndinatisunga bwino m'kabati, sindinatiwerenge.

Loweruka kunacha ndi kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa. Kwathu Okutobala ndi mwezi woti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, koma kuno ndi mchira wa nyengo yozizira, sudziwika mutu wake. Ndinatulutsa dzanja pawindo n'kulibweza msanga. Mwana ndinamuveka vesiti, kenako kamalaya ka manja aatali, kenako juzi, thayiti kumiyendo, masokosi, pamwamba pa zonse kamkanjo ka bulangeti, chipewa n'kumanga pachibwano. Ankangooneka maso ndi mphuno. Asisi atamuona anaseka mpaka kugwirira chitseko.

"Uyu mwana ayenda ku mwezi? Foni ikamba ati masana kuzapya."

"Foni sinaberekepo mwana, asisi."

"Chabwino, amake mwana. Tizamuvula kukapya."

Tinayenda pagalimoto ya asisi ngati ola limodzi, mvula ikumenya galasi. Pachipata tinajambula ndi mafoni kachizindikiro kaja ka boma, kuti adziwe aliyense amene walowa ndi nthawi yake. Nditajambula ndinafunafuna poika foni, thumba palibe, ndiye ndinaiponya m'chikwama cha asisi. Ngolo ya mwana tinaisiya m'galimoto chifukwa pansi panali matope. Ndinamubereka ndi chitenje pamwamba pa diresi langa, n'kufunda chofunda chachikulu chija, tonse awiri mkati.

Abale inu, zimene ndinaona kumeneko. Nkhalamba ina yaimuna, msinkhu wa agogo anga, itavala thayiti yofiira yothina, ikuyenda monyadira, mkazi wake ali pambali osachita manyazi. Bambo wina atamupanikiza khosi ndi manja m'matabwa ngati wakuba, ana akumugenda ndi nsanza zonyowa, iye n'kumaseka. Nkhumba yathunthu, mutu ndi zonse, ikuzungulira pamoto. Azimayi atadzimanga zingwe m'chiuno mpaka mabere kufika kukhosi, pamtunda, m'mawa wozizira chonchija. Pakati pa bwalo amuna awiri ovala zitsulo ankakhapana ndi malupanga, phokoso lake ngati migolo ikugubuduzika pamwala. Mmodzi atagwa chagada ine ndinakuwa, "Amupha!" koma anthu onse anawomba m'manja, wogwayo n'kudzuka, n'kumukumbatira mnzake.

Ndinkagwira mkono wa asisi osausiya. Koma kenako anthu anayamba kundiimitsa. Ankagwira diresi langa, kuyang'ana msoko, kufunsa ngati ndasoka ndekha, pamanja. Mayi wina anatukula chofunda changa, anaona mwana ali m'chitenje, anaitana mwamuna wake kuti adzaone. Anafunsa kuti ndinawerenga buku liti kuti ndidziwe kuti anthu akale ankanyamula ana chonchi. Asisi anamuyankha m'Chingerezi, kenako n'kundimasulira akuseka: "Nabauza ati munawerenga kumsana kwa amai banu." Chibwerereni ku Australia, linali tsiku loyamba mzungu kundifunsa chinthu chimene ine ndikudziwa iye osadziwa. Ndinayamba kuyenda mowongoka.

Kenako ndinachiona. Chinatulukira kuseri kwa tenti yogulitsa mikanda, chakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mkanjo wakuda, chipewa chakuda, magolovesi akuda, ndodo m'manja. Nkhope panalibe. Panali mlomo wautali wokhota ngati wa khwangwala, ndi maso awiri agalasi osaphethira. Chinkayenda pang'onopang'ono, osayankhula ndi munthu.

Ine ndinakulira m'tchalitchi, koma kwathu ku Dowa gule ndi gule. Ukakumana ndi chilombo panjira umapatuka, umagwada, suyang'ana kumaso, ndipo sufunsa kuti mkatimo muli ndani, chifukwa mulibe munthu. Miyendo yanga inadziwa zimenezi mutu usanaganize. Ndinabisala kumbuyo kwa asisi.

"Ni dokota uja," anatero asisi. "Kudala kunali mliri ku Ulaya, banthu benze kufa monga nchenche. Madokota benze kuvala so pokaona odwala."

"Mliri?"

"Ee, mliri."

"Ndiye anthu akutha kwathu, sabata yatha yomweyi aika aphunzitsi anga a Sitandade 5, uyu wavala mliri ngati suti ya ukwati?"

Asisi anangondikoka kuti tizipita kwina. Koma ine ndinkachewukabe, ndipo kawiri konse ndinaona maso agalasi aja atalunjika kwa ife.

Chakumasana mitambo inangoti balala, ngati munthu wavundukula chivindikiro. Dzuwa la kuno silichenjeza. Matope anayamba kufuka nthunzi, ntchentche zinabwera kuchokera kaya kuti, zikulowa m'maso ndi m'kamwa. Amuna a zitsulo aja anavula zisoti n'kumadzithira madzi kumutu. Nkhalamba ya thayiti yofiira ndinaiona itakhala pansi pa ngolo ya udzu ikudzipepesa ndi chipewa. Asisi anati akagule chakudya ndi madzi, mzere unali wautali, ine ndiwadikire pafupi ndi bwalo la akavalo.

"Muvuleni mwana manje," anatero akuchoka.

"Wagona, asisi. Akadzuka ndimuvula."

Analidi atagona, kapena ndinkaganiza choncho. Ndipo kamphepo kanalipo ndithu, kankabwera mwa apo ndi apo, ndiye ndinati mwana wogona ukamuvula pamphepo ali ndi thukuta, ndi pamene chibayo chimalowera. Ine thukuta linali kuyenderera m'miyendo mkati mwa makatani aja, koma ndinati ndine ndikuyenda, mwanayo wangokhala, sangamve kutentha ngati ine. Ndinaima padzuwa, mthunzi panalibe, ndikuonera akavalo akuthamangitsana. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Asisi amati theka la ola linapitirira.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi ng'oma. Anayamba kuimba ng'oma pafupi nane, ndipo mwana wanga akamva ng'oma amaponda miyendo kumsana ngakhale ali m'tulo. Sanaponde. Ndinamugwedeza, zii. Ndipamene ndinazindikira kuti kumsana kwanga kukutentha mwa mtundu wina, ngati munthu wandiika simbi yamakala. Ndinapita kuseri kwa tenti ina, n'kumuzunguza kubwera naye kutsogolo, n'kutsegula chipewa chija. Nkhope inali itafiira mpaka kuda, milomo youma, maso otsegula theka koma osandiona. Mutu unangogwera kumbali. Pachifuwa pa bulangeti panali masanzi pang'ono. Ndinamuitana, ndinamutsina tsaya, anangotulutsa kamawu kakang'ono ngati kamwana ka mphaka.

Malungo, ndinatero mumtima. Kenako ndinakumbukira kuti kuno malungo kulibe. Ndiye n'chiyani chimatenthetsa mwana thupi chonchi chaka chimenechi? Ndinakumbukira kuti Lachitatu tinapita kumasitolo a ku Cannington, ndipo m'chikepe bambo wina anatsokomola kawiri osatseka pakamwa. Basi. Ndinadziwa. Ndinayang'ana anthu onse aja, mazanamazana, ana, nkhalamba, mayi uja anatukula chofunda changa n'kuweramira mwana. Foni yanga inali itajambula pachipata, boma likudziwa kale kuti ndili pano. Ndinaona TV, ndinaona msewu wathu, ndinaona bambo a mwana akuwabweza pabwalo la ndege. Koposa zonse ndinaona galasi, mwana wanga mkati yekha, ine kunja.

Ndiye chimene ndinachita ndi ichi. Ndinamuvekanso chipewa chija. Ndinamanga pachibwano. Ndinamubwezera kumsana, kumanga chitenje molimba, n'kukokera chofunda chachikulu pamwamba pake mpaka kumutu, kuti atuluke thukuta, komanso kuti munthu asamuone. Ndinati ndikafike kugalimoto, ndikamubise, asisi akabwera tithawire kunyumba, ndikamusamalire ndekha.

Ndinadutsa kumbuyo kwa matenti, kodzaza zingwe ndi zikhomo, ndikupita koimika magalimoto. Ndili m'njira ndinakumbukira kuti kiyi ali ndi asisi. Foni ili ndi asisi. Magalimoto anali mizeremizere, oyera okhaokha, onse ofanana, akunyezimira mpaka maso kuwawa. Ndinaima, ndinatembenuka, ndipo chinali pambuyo panga.

Chilombo chija. Chinali chitasiya kuyenda pang'onopang'ono, chikubwera mothamanga, mkanjo ukuuluka, ndodo ikuloza ine. Chinkayankhula, mawu akumveka ngati akuchokera mumtsuko. Ndinathamanga. Munthu sungathamange m'makatani. Ndinaponda mpendero wa diresi n'kugwa chogwada, manja patsogolo kuti mwana asamenyeke, ndipo sindinadzukenso. Ndinangokhala chogwada, maso pansi, monga ndinaphunzirira ndili mwana. Ndinaona nsapato zakuda zitaima patsogolo panga. Ndinamva pakamwa panga pakunena m'Chichewa, "Pepani, pepani, tilibe kanthu ife, tikungodutsa."

Ndodo inagwa pansi. Chipewa chakuda chinagwa pansi. Kenako nkhope ija, mlomo ndi maso ake agalasi, inagwa paudzu pafupi ndi bondo langa, n'kugubuduka, mkati mwake muli mbee, mopanda kanthu, muli kalamba ndi thonje.

Ine mwana wa ku Dowa, kuona chilombo chikudzivula nkhope masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa munthu wamkazi. Ndinadzutsa maso chifukwa sindikanatha kuyang'anabe chinthu chili paudzucho. Anali mayi wachikulire, tsitsi loyera lometa lalifupi, nkhope yofiira ngati tomato, thukuta likudontha pachibwano. Anagwada kuti tifanane, n'kuyankhula mofatsa, liwu limodzilimodzi, mwakuti ndinamva zonse.

"Ndine namwino. Dzanja la mwana wako likulendewera kunja kwa chofunda. Ndaliona kuchokera uko. Mumasule."

Chingerezi changa chonse chinathawa, panatsala mawu awiri. "No korona. No korona."

"Sindikufunsa za korona. Mwanayu wapsa ndi kutentha. Mumasule tsopano."

Anayesa kumasula yekha koma mfundo ya chitenje sankaidziwa, ankakoka kolakwika. Ndinamasula ndine. Anamulandira mwana, anaika tsaya lake pamphumi pa mwanayo, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha. Anadzuka n'kuyamba kuthamanga naye, mayi wamkulu chonchija, akukuwa kuti anthu apatuke, ine pambuyo nditanyamula diresi m'manja mpaka m'mawondo, osasamalanso kuti andiona miyendo.

Panali tenti ya chithandizo choyamba, ine sindinkadziwa n'komwe kuti ilipo. Anamugoneka pakabedi. Mfundo ya pachibwano ndinali nditaimanga kwambiri, anaidula ndi sizasi. Kamkanjo ka bulangeti pansi. Juzi pansi. Kamalaya pansi. Thayiti, masokosi, vesiti. Chilichonse chinkagwa chonyowa ngati chochokera m'beseni. Mayi uja anayang'ana mulu wa zovalazo, anandiyang'ana ine. Anatsegula thewera, linali louma gwa, chimangireni m'mawa.

Kenako anayamba kumuthira madzi. Mwana wotentha thupi, ali maliseche, akumuthira madzi kumutu, m'khwapa, m'mimba, akumuika nsalu zonyowa. Anaitana mmodzi wa amuna a zitsulo aja amene anaima pakhomo, anamuuza kuti akupize, ndipo bamboyo anagwira chishango chake ndi manja awiri n'kumakupiza mphepo pa mwana wanga, zitsulo zili kwekwere kwekwere. Mphepo! Pa mwana wonyowa! Ndinaona mlongo wanga uja. Ndinalumpha ndi chitenje kuti ndimufunditse, ndikukuwa, "Chibayo! Mundiphera mwana, chibayo!" Mtsikana wina wa yunifolomu ananditchinga, ine ndinamukankha.

Amene anandigwira ndi asisi. Anali atandifunafuna ndi mbale ziwiri m'manja mpaka wina anawalozera kutentiko. Anandikumbatira chakumbuyo, manja anga onse awiri mkati, kachisoti kawo kachifumu katapendekera kukhutu.

"Amake mwana, lekani. Lekani! Ni kupya, si matenda. Mwana apya na vovala."

"Ali ndi korona, asisi, amutenga, andilanda."

"Kulibe wamene azamutenga. Niliko ine. Lekani basebenze."

Mwana apya na vovala. Mawu amenewa analowa pang'onopang'ono. Ndinayang'ana mulu uja pansi, bulangeti lotuwa pamwamba, msoko wanga wowongoka bwino, masiku asanu. Ndinakhala pansi paudzu pomwepo, asisi osandisiya.

Sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati. Ndinkangoyang'ana kaphazi kamodzi kamene kankaoneka pakati pa anthuwo. Kenako kaphaziko kanakoka, kanaponda, ndipo mwana wanga analira. Kulira kwaukali, kokwiya, kuja amalira ndikamamusambitsa kumutu. Bambo wa chishango anatukwana m'Chingerezi ndi chisangalalo, osasiya kukupiza. Mayi wa tsitsi loyera anandikodola ndi dzanja, anati ndimugwire dzanja mwanayo, ndimuyankhule m'chiyankhulo chathu, koma ndisamufunditse. Anabwereza kawiri, akundiyang'ana m'maso. Ndisamufunditse.

Ambulansi itafika anandipatsa masiki n'kundiuza kuti ndikwere. Ndinafunsa asisi kuti afunse ngati akundilola kukhala naye. Wa ambulansiyo anadabwa ndi funsolo, anati nanga mayi akhale kuti? Chitseko chisanatsekedwe ndinafunafuna mayi uja ndi maso. Ndinamuona chakumbuyo, akubwerera koimika magalimoto kuja, kukatola nkhope yake. Sindinamuthokoze. Dzina lake sindilidziwa, ndipo nditakumana naye m'sitolo lero mwina sindingamuzindikire.

Kuchipatala anamulowetsa kathonje m'mphuno, mwana analira, ine ndili pomwepo nditamugwira, palibe anandiuza kuti ndituluke. Anamuika diripi pakadzanja. Dokotala anali mtsikana wamng'ono ngati ine ndemwe. Anafunsa kudzera mwa asisi kuti mwana anavala zingati, kwa nthawi yaitali bwanji, anamwa madzi liti. Ndinayankha zonse. Ndinanenanso zimene sanafunse, kuti nditamuona atalefuka ndinamufunditsanso. Asisi anazengereza kumasulira pamenepo, ndinati nenani, asisi, nenani mmene ndanenera. Dokotala analemba, kenako anasiya cholembera n'kunena kuti si ine woyamba, koma mwana wamng'ono thupi lake silitha kudziziziritsa ngati la wamkulu, ndipo pakanapita nthawi ina pang'ono tikanakamba zina. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

Za korona zinatuluka kuti alibe. Namwino anabwera kudzandiuza akumwetulira, koma ine ndinangogwedeza mutu, nkhani imeneyo inali itandichoka kale. Chimene chinatsala ndi chimene dokotala ananena pomaliza: kutentha kotere kumavulaza impso, ndiye tidikire mwana akodze. Akakodza ndiye kuti m'kati mwayambanso kuyenda bwino. Akapanda kukodza, ayamba kuganiza zina.

Bambo a mwana foni saigwira ali pantchito, asisi anangowatumizira uthenga kuti aimbe akaweruka. Ndiye tinadikira. M'chipindamo munkazizira ndi makina, mwana ali ndi thewera lokha, atagona chagada, kamimba kakukwera n'kutsika. Manja anga ankapita okha kuchitenje. Ndinawakhalira. Zoona, ndinaika manja onse awiri pansi pa ntchafu n'kuwakhalira. Mphindi zingapo zilizonse ndinkatulutsa limodzi, kugwira thewera, louma, n'kulibwezera.

"Muzaling'amba thewera na kugwiragwira," anatero asisi. Anali atavula nsapato, mapazi ali pampando wina, akudya tchipisi chozizira. "Mkodzo siubwera na kuyangana."

"Nanga umabwera ndi chiyani?"

"Na diripi. Idyani."

Sindinadye. Ola linatha, lachiwiri linatha. Thumba la diripi linaphwa, anaika lina. Mwana anadzuka, anamwa madzi pang'ono pakapu, analavula theka, anayesa kuzula kachingwe ka padzanja. Thewera louma. Dokotala anasuzumira, anafunsa ndi maso, ndinapukusa mutu, anayang'ana wotchi n'kupita. Ndinayamba kupemphera chamumtima, pemphero limene sindinaganizepo kuti munthu angapemphere, lopempha mkodzo.

Dzuwa litapendeka, kuwala kukulowa chammbali pawindo, namwino anabwera kuti asinthe thewera, akaliyeze pasikelo ngati muli kadontho. Analivula n'kupita nalo, anati abwera ndi lina. Mwana anayamba kulira akutambasula manja, ndiye ndinamunyamula mosamala chifukwa cha diripi, n'kumukhazika pamiyendo panga ali chomwecho. Anatsamira pachifuwa panga, anakhala chete, anaumitsa kathupi pang'ono. Kenako ndinamva kufunda pantchafu, kukufalikira, kukutsikira m'mawondo, mpaka kudontha pansi.

"Wakodza!" ndinakuwa. "Anesi, wakodza! Asisi, wakodza!"

Ndinakuwa m'Chichewa, chipinda chonse chinamva, bambo wina wa pabedi loyandikana anasuzumira pakatani. Asisi analumpha opanda nsapato, tchipisi n'kumwazika, anathamangira pakhomo akumasulira mokuwa, akuseka, misozi ili m'masaya. Namwino anabwera ndi thewera m'manja, anayang'ana pansi, anayang'ana ine, anati ndimupatse mwana ndikadzipukute. Ndinakana. Ndinati adikire kaye, sanamalize.